Kuponi si mkaka, siisasa tsiku likadutsa

Loweruka lina mwezi wathawu ndinali pa mzere wolipira m'sitolo ina yaikulu ya m'tauni muno mu Lilongwe. Patsogolo panga panali mayi wina wachikulire, atavala chitenje cha mvano, m'basiketi muli mafuta ophikira, shuga, mpunga ndi sopo wochapira. Nthawi yolipira itakwana anamasula mfundo ya pa chitenje, natulutsa kapepala kopindapinda, nkukawongola bwinobwino ndi chala chachikulu asanakapereke. Inali kuponi yochotsera K5,000, ya zija masitolo amapatsa munthu akagula katundu wambiri kuti adzabwerenso. Mtsikana wa pa tilu anaiyang'ana, anayesa pa makina kawiri, kenaka anati: "Pepani amayi, kuponi iyi inatha Lachinayi. Makina akukana." Mayiwo anamuyang'ana modabwa: "Mwana wanga, ine ndimagula pompano mwezi ndi mwezi. Sukundidziwa kodi?" Mtsikanayo anatsitsa mawu: "Ndikukudziwani amayi, koma ine ndilibe mphamvu. Ndikailandira adzandidula pa malipiro." Mayiwo anawerenganso ndalama zawo, anachotsa botolo la mafuta nkuliika pambali, analipira zotsalazo nkumapita, kuponi ija ataisiya pa tilu pomwepo.

Mzere wonse unabuka. Bambo wina wa tayi anati lamulo ndi lamulo, tsiku linalembedwa poyera ndipo mayiwo akanawerenga. Mayi wina wobereka mwana anati ndi nkhanza zenizeni. Mtsutsowo sunathere pa tilu: ndinaupezanso m'minibasi ya ku Area 25, ndipo nditaufotokoza kunyumba tinagawikananso pawiri. Ine mbali yanga ndi iyi, ndipo sindiizungulira: sitolo iyenera kulandira kuponi yodutsa tsiku ya kasitomala wake wa nthawi zonse, ndipo iyenera kulemba zimenezi kukhala lamulo la sitoloyo, lodziwika kwa aliyense, osati kusiyira mtsikana wa pa tilu kuti aziona yekha pomwe angachitire chifundo. Tsiku la pa kuponi linaikidwa kuti lithandize sitolo kuwerengera malonda ake. Silinaikidwe kuti likhale chikwapu chokwapulira munthu amene wakhala akudyetsa sitoloyo kwa zaka.

Tiyambe ndi tsikulo, chifukwa ambiri amalisokoneza ndi tsiku lina limene tonse timaliopa. Pa paketi ya mkaka, pa chitini cha nsomba kapena pa botolo la mankhwala pamalembedwa tsiku lothera, ndipo limenelo ndi la moyo wa munthu. Likadutsa, chakudyacho chikhoza kukudwalitsa, nchifukwa chake a Malawi Bureau of Standards amayendera masitolo nkumalanda katundu wotha masiku. Pamenepo palibe kuchonderera, ngakhale ukhale kasitomala wa zaka makumi awiri. Koma kuponi siiwola. Pepala lija Lachinayi ndi Loweruka linali chimodzimodzi, mafuta aja anali omwewo, pa shelefu yomweyo. Chimene chinasintha ndi nambala imene munthu wina anaitaipa mu kompyuta ali muofesi, ndipo nambala yoikidwa ndi munthu, munthu akhozanso kuisuntha. Mawu oti "makina akukana" amamveka ngati chinthu chochokera kumwamba, pamene makinawo akungobwereza zimene eni sitolo anawauza.

Tsono otsutsa amati, ndipo mfundo yawo ndi yomveka: pangano ndi pangano. Sitolo inanena kuti ubwere lisanafike tsiku lakuti, iwe unavomera polandira pepalalo, ndiye ukachedwa vuto ndi lako. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Amatinso dziko lathu lavutika kale ndi khalidwe losasunga nthawi, ndiye masitolo asaliwonjezere moto. Ndikanavomereza mosavuta pakanakhala kuti pangano la sitolo ndi ogula limasungidwa mbali zonse ziwiri. Koma aliyense wogula mu Lilongwe akudziwa momwe zimakhalira. Sitolo imalengeza kuti shuga watsika mtengo sabata ino, iwe ulipira minibasi kuchoka ku Chinsapo kapena ku Kawale, ukafika akuuza kuti watha, ubwerenso mawa. Mtengo wa pa shelefu umasiyana ndi wa pa tilu, ndipo ukadandaula akuti sanasinthe kapepala. Makina olipirira ndi khadi amafa, netiweki imavuta, umabwerera wopanda kanthu. Chenji chikasowa amakupatsa siwiti, ndipo iwe umalandira osakangana. Pa zonsezi wogula amakhululuka tsiku ndi tsiku, osafuna chipepeso. Nanga bwanji iye akalakwitsa kamodzi, ndi masiku awiri okha, pangano lija limasanduka mwala? Ngati sitolo ikufuna kuti tiziimvetsa ikalephera, nayonso iphunzire kutimvetsa.

Kuwonjezera apo, kuchedwa kwa anthu ambiri si ulesi. Munthu wa pa ntchito amagula zinthu za mwezi wonse malipiro akalowa, ndipo malipiro sasunga tsiku nthawi zonse. Akachedwa ndi sabata, kuponi yothera pa 30 yapita. Wina wagwa maliro kumudzi, wapita ku Dedza kapena ku Mchinji, wakhalako masiku asanu. Wina akudikirira wodwala ku chipatala. Kumapeto kwa chaka cha 2024 magalimoto ankagona pa mizere ya mafuta mumzinda muno, maminibasi anachepa pa msewu, mitengo yokwerera inakwera, ndipo ulendo wa m'tauni unasanduka chinthu choyamba wachiganizira kawiri. Sitolo imene imagulitsa kwa anthu okhala m'moyo woterewu, koma nkumaika malamulo ngati kuti aliyense ali ndi galimoto yodzaza mafuta ndi ndalama zodikirira kubanki, siikuwadziwa makasitomala ake.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi ya ndalama, ndipo iyi ndiyenera kuipatsa ulemu wake. Amati sitolo si tchalitchi. Phindu la pa shuga, mafuta ndi ufa ndi laling'ono, lendi ndi yokwera, magetsi akazima jenereta imamwa dizilo, ndalama zakunja zogulira katundu zimasowa. Tonse tinaona masitolo a People's, amene tinakula tikugulamo, akutsekedwa zaka zochepa zapitazo, choncho palibe anganene kuti sitolo yaikulu singagwe. Komanso makuponi ena sakhala a sitolo yokha: kampani yopanga sopo kapena mafuta ndi imene imabweza ndalama yochotseredwayo, ndipo imaika tsiku lake lotsekera mabuku. Kuponi yotereyi ikalandiridwa mochedwa, sitolo imalipira kuchokera m'thumba mwake. Zonsezi ndi zoona. Koma tiyeni tiwerengere. Tingoyerekeza kuti mayi aja amagula za K150,000 mwezi uliwonse. Pa chaka ndi K1,800,000 yolowa pa tilu yomweyo. Kuponi imene anakanizidwa ndi ya K5,000, ndipo ndalama imeneyi sitolo inali itavomera kale kuitaya tsiku limene inasindikiza pepalalo. Sinali ndalama yobwera modzidzimutsa. Pokana, sitolo inapulumutsa K5,000, koma inataya pomwepo malonda a botolo la mafuta, ndipo inaika pa chiswe malonda a chaka chonse, chifukwa mu Lilongwe wa lero masitolo ali mbali zonse, kuyambira ku Old Town, Gateway Mall, mpaka m'magolosale akuluakulu a m'makomboni. Mayi wokhumudwa sakalemba kalata yodandaula. Amangosiya kubwera, ndipo Lachinayi ku mvano amafotokozera anzake makumi awiri zimene zinamuchitikira.

Palinso china chimene owerengera ndalama m'masitolo amachidziwa koma sachinena. M'dziko limene kwacha ikugwa mphamvu, wochedwa amakhala walangidwa kale. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zinthu yakhala ikukwera mwezi ndi mwezi. Kuponi yolembedwa K5,000 ikakhala m'chikwama miyezi iwiri imagula zochepa kuposa tsiku limene inaperekedwa. Kunena kwina, sitolo ikailandira mochedwa imapereka katundu wochepa pa pepala lomwelo. Ndiye mantha oti ochedwa adzagwetsa bizinesi akuchokera pati?

Ena amatchula chitsanzo cha ku America, cha sitolo yotchedwa Bed Bath & Beyond, imene inkadziwika ndi makuponi ochotsera 20 peresenti ndipo inkawalandira ngakhale atadutsa tsiku. Mu April 2023 kampaniyi inapita ku khothi kukanena kuti yalephera kubweza ngongole zake, ndipo masitolo ake anatsekedwa. Otsutsa amati taonani mathero a chifundo. Koma nkhaniyo siili choncho. Kampaniyi inkamwaza makuponi kwa wina aliyense, chaka chonse, mpaka anthu anazolowera kuti mtengo weniweni ndi wochotseredwawo. Inapanikizikanso ndi malonda a pa intaneti, inachotsa katundu wodziwika m'mashelefu nkuikamo wa dzina lake, ndipo inathira ndalama zambiri pogulanso masheya ake omwe. Chimene tingatolepo ndi chakuti sitolo isasindikize makuponi ngati timapepala ta msonkhano wa ndale. Zimenezi ndi zosiyana kwambiri ndi kupatsa kasitomala wodziwika sabata ziwiri kapena mwezi wowonjezera pa kuponi imodzi imene anaipeza pogula katundu weniweni.

Apa ndiyenera kusiyanitsa mapepala awiri amene timangowatcha dzina limodzi. Pali kuponi yochotsera mtengo, imene ndi mphatso ya sitolo. Palinso vocha yogulidwa ndi ndalama, zija makampani amapatsa antchito awo pa Khirisimasi, kapena zimene mwana wa ku Johannesburg amalipirira makolo ake kuti akatenge katundu m'sitolo. Vocha yotereyi si mphatso ya sitolo mpang'ono pomwe. Ndi ndalama ya munthu imene sitolo yasunga, yaigwiritsa kale ntchito poodera katundu, ndipo ikungoyenera kupereka katunduyo. Kukana vocha yotere chifukwa tsiku ladutsa ndi kudya ndalama ya mwini popanda kumupatsa kalikonse, ndipo sindikuona dzina lina labwino loitchulira ntchito imeneyi. Maiko ena anaziona kale. Ku South Africa lamulo loteteza ogula la 2008 limati vocha yolipiriratu ikhale ndi mphamvu kwa zaka zitatu. Ku America lamulo la 2009 limaletsa kuti ndalama za pa khadi la mphatso zithe zisanakwane zaka zisanu. Ife tili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, tili ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission limene limalandira madandaulo a ogula, tilinso ndi Consumers Association of Malawi imene imalankhula pa mitengo ya zinthu kawirikawiri. Ndikufuna mabungwe amenewa alankhule momveka pa nkhani ya mavocha, kuti munthu wa ku Mtandire adziwe kuti ndalama imene mwana wake analipira siisungunuka ndi kalendala. Ndi kudandaula komweku kumene anthu akhala nako pa mabandulo a intaneti amene amatha nthawi munthu asanawamalize: ndinalipira, bwanji zanga zikupita?

Komabe mfundo imene imandivuta kwambiri kuiyankha si ya ndalama. Ndi funso loti kasitomala wokhulupirika ndi ndani, ndipo amusankha ndani. Mlamu wanga, amene anagwirapo ntchito ya pa tilu, ndiye anandifunsa zimenezi. Anati ukangotsegula khomo limeneli, wa pa tilu adzalandira makuponi otha a achibale ake ndi a anzake a kutchalitchi, bwana wa suti adzamwetuliridwa, pamene mayi wa nsapato za pulasitiki adzauzidwa kuti makina akukana. Anatinso ena adzatola makuponi akale m'mabini nkumawagulitsa pakhomo pa sitolo. Sindingamutsutse kuti sizingachitike. Mawu oti kuponi ambiri a ife tinawadziwira pa fetereza wotsika mtengo, pulogalamu imene inayamba mu 2005 nthawi ya Bingu wa Mutharika, ndipo tikukumbuka nkhani za makuponi ogulitsidwa kwa mavenda, makuponi achinyengo, ndi maina olembedwa mokondera. Mtima wokayikira pepala lotchedwa kuponi tili nawo pa zifukwa zomveka.

Koma taonani bwino: vuto limene mlamu wanga akunena limabwera pamene chifundo chili chobisika, chodalira nkhope. Ndipo kukondera kumeneku kulipo kale lero. Munthu wodziwana ndi manijala amangoti "ndiitanireni abwana," manijala amabwera ndi kiyi wake, amadina pa makina, kuponi yotha ija yalowa. Mayi wa chitenje cha mvano sadziwa kuti zimenezi zimatheka, ndipo ngakhale atadziwa sangafune kuimitsa mzere. Choncho lamulo louma silithetsa tsankho, limangolisungira olimba pakamwa. Mankhwala ake ndi kulemba poyera, pa khoma ndi pa kuponi pomwe, m'Chichewa chomveka: kasitomala amene ali ndi khadi la sitolo ino, kapena amene nambala yake ya foni ikuonetsa kuti wagula kuno kangapo m'miyezi itatu yapitayi, kuponi yake idzalandiridwa mpaka masiku 30 tsiku lake litadutsa. Sitolo yopanda makadi ikhoza kupempha malisiti awiri kapena atatu akale. Kuponi iliyonse ikhale ndi nambala yake, ikalowa kamodzi isalowenso, ndipo ya m'bini idzakhala yopanda ntchito. Makina amene amadziwa kukana pepala chifukwa cha tsiku sangalephere kudziwa kuti munthu uyu amagula kuno. Zikatero wosauka ndi wolemera aima pa muyezo umodzi, ndipo muyezowo ndi kugula, osati suti.

Lamulo lolembedwa lingapulumutsenso mtsikana wa pa tilu, amene ndinamumvera chisoni kuposa wina aliyense tsiku lija. Iye sanasindikize kuponi, sanaike tsiku, sadzaona ngakhale tambala ya K5,000 imene yapulumutsidwa. Koma ndi iye amene anayang'anizana ndi mayi wa msinkhu wa amayi ake nkuwauza kuti ayi, ndi iye amene anamva mawu onse a pa mzere, ndipo akanachita chifundo akanalipira ndi malipiro ake ochepa kale. Eni sitolo amene amabisala kuseri kwa ana a eni otere akuchita zosayenera kwa antchito awo komanso kwa ogula.

Wina anganene kuti nanga amene anathamanga kuti asunge tsiku, sitikumulakwira? Ayi. Iye analandira kuchotseredwa kwake konse, ndipo anasankha katundu mashelefu akadali odzaza. Kuti mnzake wathandizidwa Loweruka sizikuchotsa kanthu m'thumba mwake. Ndipo mantha oti anthu onse adzazolowera kuchedwa ndi ochepa mphamvu: masiku owonjezerawo ali ndi malire, ndipo munthu amene ufa watha m'nyumba sadikira dala kuti ayese mtima wa sitolo.

Chimene chimandidabwitsa ndi chakuti nzeru imeneyi amalonda ang'onoang'ono anaidziwa kalekale popanda kupita ku sukulu ya zamalonda. Mayi amene ndimagulako tomato kumsika, akandiona amayamba waseka: "Akasitomala, mwasowa!" Akandiyezera mulu amaikapo banyira, tomato mmodzi kapena awiri, ndisanapemphe. Tsiku lina ndalama zinaperewera, anangoti, "Tengani achimwene, mudzapereka mukadzabwera." Mnyamata wa pa okala ya kwathu ali ndi kabuku ka ngongole, ndipo amadziwa amene amalandira pa 25 ndi amene amadikira mpaka pa 5. Mpamba wa anthu amenewa ndi wochepa moti kasitomala mmodzi akathawa ndi ngongole amamva kuwawa sabata yonse, komabe amapereka, chifukwa amadziwa kuti kupatsa nkuika. Sachita zimenezi kwa aliyense wodutsa. Amachitira amene amamudziwa kuti amabwera. Ndi zomwezo zimene ndikupempha kwa masitolo akuluakulu. Amatilembetsa makadi, amatenga manambala athu a foni, amatitumizira mauthenga usiku otiuza kuti ndife ofunika kwa iwo, amadziwa mtundu wa sopo umene timagula ndi tsiku limene timabwera. Ngati akutidziwa chonchi pofuna kutigulitsa, atidziwenso tikachedwa.

Kwa eni masitolo a mu Lilongwe pempho langa ndi laling'ono poyerekeza ndi zimene amawononga potsatsa malonda pa wailesi ndi pa zikwangwani za m'mbali mwa msewu. Vocha yolipiridwa ndi ndalama ilandiridwe nthawi iliyonse mwini wake wabwera nayo. Kuponi yochotsera mtengo ipatsidwe masiku owonjezera kwa makasitomala odziwika, ndipo tsiku lothera lilembedwe ndi zilembo zazikulu, osati tija tofuna magalasi. Popeza manambala athu muli nawo, titumizireni uthenga kutatsala masiku atatu. Pamene kuponi ndi ya kampani yopanga katundu ndipo mabuku atsekedwa, muuzeni kasitomala zoona, mumupatse china cholowa m'malo, ngakhale chochepa. Ndipo mphamvu yovomera ikhale pa tilu pomwepo, kuti mtsikana uja adzathe kunena kuti, "Amayi, tsiku ladutsa koma tilandira," popanda kuopa za malipiro ake.

Sabata yatha ndinawaonanso mayi aja. Anali pa golosale ina pafupi ndi depoti, akukweza katoni ya zinthu pa kabaza, ndipo pamwamba pake panali botolo la mafuta ophikira. Ndinawapatsa moni nkuwakumbutsa za tsiku lija. Anati, "Kuja ndinasiya, bambo. Apa mtengo ndi wokwererako pang'ono, koma amandidziwa."